Gulugufe wa kapuchi amatsata fungo

Ku Bvumbwe, pamalo pamene alimi amaperekera mkaka, mzere umatalika dzuwa lisanakwere. Zigubu zili pansi, njinga zatsamira mpanda, aliyense akudikira kuti mkaka wake uyesedwe. Pamzerepo mayi wina wachikulire ankadandaula za chimanga chake: kapuchi waboola mapesi, ntchemberezandonda zadya nsonga, ndipo mankhwala opopera akwera mtengo.

"Mayi, nsenjere zimene mumadulira ng'ombe zija mudadzala pati?" anafunsa bambo wina amene anali kumbuyo kwawo.

"Kudimba, kumunsi kwa khola. Nanga nsenjere zingakhale kuti?"

"Zulani zina mudzale mizere itatu kuzungulira munda wa chimanga. Gulugufe amene amaikira mazira a kapuchi amauluka madzulo kukada, ndipo chimene chimamutsogolera ndi fungo."

Mnyamata wakabaza amene anabweretsa zigubu za abwana ake anatembenuka. "Gulugufe amanunkhiza, bambo?"

"Amanunkhiza ndi tinyanga take tija. Kukangoyamba mdima, nsenjere zimatulutsa fungo lambiri kuposa chimanga, ndiye iye amathamangira kumeneko kukaikira mazira. Mbozi zikaswa n'kuyamba kuboola phesi, nsenjere imatulutsa madzi omata ngati ulimbo, zambiri zimafera pomwepo."

Bamboyo sanapeke nkhaniyi. Njirayi inayambira kumadzulo kwa Kenya m'zaka za m'ma 1990, pamene akatswiri a bungwe lofufuza za tizilombo la icipe, motsogozedwa ndi Zeyaur Khan, anagwirizana ndi anzawo a ku Rothamsted ku Britain. Anaitcha push-pull, chifukwa mbewu ina imakankha tizilombo kuchoka m'munda pamene ina imatikokera kumalire. Yokoka ndi nsenjere, kapena udzu wa Brachiaria umene umapirira chilala. Yokankha ndi desmodium, mbewu yoyanga ya m'gulu la nyemba imene imadzalidwa pakati pa mizere ya chimanga.

"Desmodium ameneyo ng'ombe zimadya?" anafunsa mayi aja, chifukwa mlimi wa mkaka amayamba waganiza za khola.

"Zimadya, ndipo mkaka umachuluka. Mukamayenda m'munda mwake timbewu take timakakamira pa chitenje, moti mumachita kutothola kamodzikamodzi. Tiubweya tomwe timagwira nsalu yanuto timagwiranso timbozi tating'ono. Komanso mizu yake imapha kaufiti ndi kubwezera chonde m'nthaka."

Atamva za kaufiti, anthu angapo anasendera pafupi. Aliyense amene anaonapo maluwa ofiira aja atadzaza munda, chimanga chitapinimbira, amadziwa kuti chaka chimenecho nkhokwe sidzaza. Mizu ya desmodium imatulutsa timadzi timene timameretsa njere za kaufiti koma n'kuzilepheretsa kulumikiza ku mizu ya chimanga, ndiye zimafa ndi njala.

Mkulu wina wa imvi, amene nthawi yonseyi anali chete, anati iye sakudabwa. "Ife tinakula tikuika mpungabwi m'nyumba kuti udzudzu uthawe. Ngati udzudzu umadana ndi fungo la tsamba, gulugufe angalephere bwanji?"

Zoonadi, fungo la zomera limachita zambiri kubusa ndi kumunda komwe. Chimanga chikalumidwa ndi mbozi chimatulutsa fungo lina limene limaitana timavu ting'onoting'ono, ndipo timavuto timaikira mazira m'thupi mwa mboziyo mpaka kuipha. Pali udzu wina wodyetsa ziweto wotchedwa molasses, wa masamba aubweya omata ndi fungo lamphamvu. Mu 1997 akatswiri omwe aja anasonyeza kuti udzuwu ukadzalidwa pakati pa chimanga umathamangitsa agulugufe a kapuchi ndi kuitana timavuto. Nkhupakupa nazo, zimene zimafalitsa chigodola, sizikonda kukwera udzu umenewu, pamene mwachibadwa zimakwera kunsonga kwa udzu kukadikira ng'ombe yodutsa.

"Ndiye tisiye kupopera ndi kusambitsa ng'ombe?" anafunsa mnyamata uja.

"Ayi, mwana wanga. Ng'ombe muzisambitsabe, ndipo munda muziuyendera m'mawa kuona ngati muli mazira pamasamba. Desmodium naye amafuna kupalira bwino chaka choyamba mpaka atayanga, ndipo mbewu yake siyopezeka paliponse. Koma akagwira amakhala zaka, mumangodula n'kupatsa ng'ombe."

Chiyambire pamene ntchemberezandonda zachilendo zinafika mu Africa mu 2016, alimi ambiri ataya ndalama zochuluka pa mankhwala, ena akupopera opanda chophimba kumaso. Mlimi wa mkaka ali kale ndi theka la njirayi, chifukwa nsenjere amalima kale. Chotsala ndi kuidzala pamalo oyenera ndi kupeza mbewu ya desmodium. Alimi anzanga, mvula isanagwe funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu za njira imeneyi, ndipo magulu a mkaka agwirizane zokhala ndi munda umodzi wochulukitsira mbewuyo.