Zizindikiro za Kasamalidwe ka Ziweto ndi Kagulidwe ka Nyama M'tauni

Chizindikiro cha kasamalidwe ka ziweto ndi kapepala komata pa paketi ya nyama kapena mazira, kotsimikizira wogula kuti chimene akukadyacho chinkakhala mosangalala mpeni usanachipeze. Mwambowu unakhwimira ku Ulaya. Ku Britain, bungwe la RSPCA linayambitsa chizindikiro cha Freedom Food mu 1994, ndipo mu 2015 linachisintha dzina kukhala RSPCA Assured. M'maiko a European Union, kuyambira 2004 dzira la m'sitolo limadindidwa nambala: 1 ndi la nkhuku yotuluka panja, 2 la yokhala m'khola lalikulu osatuluka, 3 la ya m'kakhola kawaya, pamene 0 ndi la nkhuku yotuluka panja komanso yodya zolimidwa popanda feteleza wa m'fakitale. Kumeneko dzira amayamba aliwerenga kenako n'kulikazinga.

M'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ndi Blantyre mapepala otere amaoneka mwa apo ndi apo, kawirikawiri ali ndi chithunzi cha nkhuku yonenepa ikuyenda pa kapinga wobiriwira, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake. Mphamvu ya chizindikirochi pa wogula imadalira amene waima pafupi. Pakakhala mnzake wa ku ofesi kapena mayi wa kumpingo, wogula amatola paketiyo, kuiwerenga mokweza pang'ono, kugwedeza mutu, n'kunena kuti, "Ife kunyumba kwathu timadya zoterezi, zinazi ndi mankhwala okhaokha." Amaiika pamwamba penipeni m'kangolo, chithunzi chikuyang'ana kumwamba. Mboni ija ikangokhota, amawerenga kapepala kachiwiri, kakang'ono, kamtengo. Apa ndi pamene chifundo chimathera. Nkhuku yosangalalayo imatsala pa shelefu ya sopo, ndipo m'kangolo mumalowa buloila wa masabata 6 amene sanapondepo dothi.

Chifundo cha pa ziweto chili ndi nyengo yake. Chimaphuka malipiro akangolowa, n'kufota sabata isanathe. Masiku otsalawo banja limadya bonya, ndipo palibe amene anafunsapo ngati bonya ankasambira momasuka.

Chodabwitsa n'chakuti nkhuku imene azungu amailembera malamulo, kuno yakhala ilipo kuyambira kale, ndipo ndi yachikuda. Lamulo la ku Ulaya limapatsa nkhuku yoikira yotuluka panja malo okwana masikweya mita 4. Yachikuda ili ndi mudzi wonse, kuphatikizapo dimba la eni ake, mpaka nkhani zake zimakafika kubwalo la amfumu. Imadya chiswe, ziwala ndi gaga, imagona mumtengo wa mango, imathamangitsana ndi kabawi, ndipo imatha miyezi yambiri isanakwane poto. Munthu wa m'tauni amaikonda kwambiri, koma chifukwa chake si ufulu wa nkhukuyo ayi. Amaikondera msuzi wonunkhira ndi fupa lolimba lotafuna atamaliza nsima.

Kagulidwe kake kamaonetsa bwino chikondicho. Wogulitsa amafika pa njinga, nkhuku zitamangidwa miyendo ndi luzi, zikulendewera chazondoka pa handulo, milomo ili yasa. Mayi amasankha imodzi, kuiyeza m'dzanja, kuifinya pachifuwa, kuuzira nthenga kuti aone khungu. "Iyi yaonda, achimwene," amatero, ngakhale itakhala yolemera chotani. Wogulitsa amayankha kuti, "Mayi, iyi ndi yachikuda yeniyeni, taonani miyendoyi." Miyendo yamambamamba ndi zikhadabo zotha ndi kupalasa ndiye chizindikiro chonse. Akagwirizana, nkhuku imalowa m'buti ya galimoto kapena pansi pa mpando wa minibasi, pafupi ndi chigubu cha mafuta. Ikakhala mphatso ya agogo a ku Ntcheu, imayenda ulendo wonse wa pa M1 mmenemo, ndipo ikafika imagonanso m'bafa kudikira Lamulungu.

Kumsika wa ku Ndirande kapena ku Area 25 kuli zizindikiro zimene zimasinthadi maganizo a wogula, koma zonse zimanena za imfa ya chiweto osati za moyo wake. Chidindo cha a vetenale pa ntchafu ya ng'ombe chimati nyamayo anaiyeza ndipo siinafe yokha. Mawu akuti halaal amanena za amene anazinga ndi mmene anazingira, ndipo ali ndi mphamvu moti ngakhale pa ukwati wa Akhristu amakaitana Msilamu kudzazinga mbuzi kuti alendo onse adye mtima uli m'malo. Chizindikiro chachikulu kuposa zonse sichilembedwa. Wabutchala akamasenda mbuzi amasiya kamchira ndi ubweya wake. Wogula amakayang'ana kaye, kutsimikiza kuti chopachikidwacho chinkalira mee osati kuuwa, ndiyeno n'kuyamba kukangana za sikelo ndi kuchuluka kwa mafupa.

Dzuwa likalowa, zizindikiro zonse zimaweruka. Pachiwaya nyama imafika itadulidwa kale timapisi, ili m'mafuta amene aona zambiri, ndipo mbiri yake imadziwika ndi wokazinga yekha. Bwana yemwe uja amene masana ankawerenga paketi mokweza amaima pamenepo tayi atamasula, kamtengo kali m'manja, akusankha zam'kati, nthutumba ndi zipalapasiro. Mafunso ake amakhala awiri: kapisi ndi zingati, ndipo tsabola wa kambuzi alipo kapena watha. Wokazinga akanena kuti mbuzi yake ndi ya lero, bwanayo amavomera osatsutsa, amathira mchere, n'kupempha kapisi kena ka banyira.