Ulemu kwa a The, bwana wa mawu a Chingerezi

Amayi lulutani, abambo vulani zipewa, pakuti lero tikutamanda wamkulu. Sindikunena Shakespeare kapena mfumu ya ku London ayi, koma kamawu ka zilembo zitatu kamene kanatiliza tonse amene tinapondako m'kalasi: the. Ndamva anthu akukanyoza, ati n'kopanda ntchito, kamangogwetsa ana a eni ake pa mayeso. Ine ndabwera kudzakaikira kumbuyo, ndipo kuyambira pano sindinenanso kuti kamawu. Ndi a The, bwana athu.

Taonani kakhalidwe kawo. A The sakhala kumbuyo. Pamene afika, mpando wawo ndi wakutsogolo, dzina lenilenilo n'kumabwera pambuyo ngati kalaliki wonyamula chikwama. Mawu anzawo onse amatuluka thukuta: dog ndi galu, run ndi kuthamanga, water ndi madzi. Koma yesani kuwabweretsa a The m'Chichewa, mutsala chimanjamanja. Komatu msonkhano suchitika iwo palibe. Akatswiri a pa Brown University ku America anasonkhanitsa zolembedwa za m'chaka cha 1961, mawu pafupifupi 1 miliyoni, n'kuwawerengetsa ndi kompyuta. A The anapezekamo maulendo pafupifupi 70,000, ndiye kuti pa mawu 100 alionse, 7 ndi iwo. Wachiwiri wawo, of, anangopitirira theka pang'ono. Ndiuzeni bwana wina amene amasainira alawansi pa misonkhano yochuluka chonchi osayankhulapo kanthu. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Tsiku loyamba kuwaona pa bolodi ndinawatchula monga mwana aliyense wa kwathu akanawatchulira, the wa mu thewera ndi thengo. Aphunzitsi anandiimiritsa. "Luma lilime, iwe!" Kalasi yonse tinatulutsa malilime pakati pa mano ngati abuluzi, malovu ali fwaa pa makope, mpaka belu linalira. Ambirife tinakula tikunenabe "de", ena "ze", ndipo a The sanadandaulepo. Wamkulu weniweni sakangana ndi ana pa nkhani ya katchulidwe ka dzina lake. Amangokudikira pa kulemba.

Chimangirizo changa choyamba chinabwerera chili ndi timapazi ta nkhuku tofiira pamzere uliwonse, kusonyeza pamene ndinawaiwala bwana. Ndinati chabwino, sabata yamawa muona. Ndinawawaza ngati mchere m'ndiwo: the my mother, the Malawi, the God. Kope linabwera lofiira ngati apherapo mbuzi. Ukawasiya walakwa, ukawaitana walakwanso. Apa m'pamene ndinayamba kuwapatsa ulemu.

Aphunzitsi ankati lamulo lake n'losavuta. Chinthu ukachitchula koyamba, mnzako asanachidziwe, umaika a kapena an. Mukachidziwa nonse awiri, ndiye a The alowe. Ife tinkagwedeza mitu, chifukwa zoterezi nafenso tili nazo: "Ndakumana ndi galu. Galuyo ndi wachiwewe." Kapena "munthu uja wabwera", ndipo aliyense adziwa kuti ndi uja wangongole. Koma -yo ndi uja athuwa ndi anyamata aganyu. Amaima kumbuyo kwa dzina, amabwera tikawafuna, tikapanda kuwafuna nkhani imayendabe. A The amayendera ndondomeko yawoyawo, imene sanauzepo munthu.

Mitsinje amaikonda: the Shire, the Zambezi, the Nile. Nyanja zamchere amazikondanso: the Indian Ocean. Koma Lake Malawi ndi Lake Chilwa safikako. Taganizani, madzi ake ndi omwewo. Ali m'nyanja alibe bwana, akangotuluka ku Mangochi n'kulowa mu Shire, a The akwera kale bwato. Phiri likakhala lokha, ngakhale lalitali ngati Mount Mulanje kapena Mount Everest, sakwerako. Mapiri akaunjikana ngati the Alps, ndi awo ali pamwamba. Gitala amaimba nawo, play the guitar, koma mpira sasewera, play football. Munthu akagonekedwa m'chipatala ku Britain ali in hospital, pomwe mnzake wodwala nthenda yomweyo ku America ali in the hospital. Eni chinenero okha sanamvane. Mukafunsa chifukwa chake amangoti ndi mmene timanenera. Mfumu yeniyeni ndi imeneyo, yoti ngakhale nduna zake sizingalongosole chigamulo chake.

Amene amati a The sathandiza munthu sanamve za malume anga. Malumewo ndi mkulu wa mpingo, ndipo Lamulungu lina anapita ndi anzawo kukacheza ndi akaidi, atanyamula sopo ndi shuga. Madzulo, pofuna kuti mkamwini wawo wachizungu wa ku Manchester aone kuti nawonso sukulu anapitako, anamulembera pa WhatsApp: "Today I went to prison." Akanati to the prison, mkamwini akanamva kuti anakazonda anthu. Popanda bwana, mawuwo amatanthauza kuti munthu wamangidwa. M'mawa kusanache foni inali italira kasanu, mwana wawo akulira, ndalama ya loya yatumizidwa kale. Malume analongosola bwinobwino, anapepesa, koma ndalamayo sinabwerere. Lero nyumba yawo ndi yamalata. Ndani wina anafolerapo nyumba ya munthu pongojomba kuntchito?

Ndiponso a The ndi a kubanja lachifumu, osati ongotola ufumu panjira. Zaka 1,000 zapitazo Angerezi anali ndi se wa mayina aamuna, seo wa aakazi ndi þæt wa otsalawo, aliyense ndi timaonekedwe take tosiyanasiyana. Onsewo anachoka pa udindowo, mpando n'kutsalira mmodzi. Chilembo chija þ, chimene chinkaimira th, nachonso chinafa makina osindikizira mabuku atafika ku England m'zaka za m'ma 1470, chifukwa zilembo zochokera kunja zinalibe chimenechi, ndipo osindikiza ena ankangoikapo y. N'chifukwa chake pa zikwangwani za malo ena omwera mowa kumeneko pamalembedwa Ye Olde. Alendo amawerenga "yi", osadziwa kuti ndi bwana omwewa avala chigoba ngati gule.

Maboma amawadziwa. Mu 1964 dziko la Gambia, likukonzekera ufulu wake, linapempha kuti dzina lake lizilembedwa The Gambia, mwa zina poopa kusokonezedwa ndi Zambia, imene inalandira ufulu chaka chomwecho. Abale athu a ku Chipata sadziwa kuti anapezetsa bwana ntchito ya boma ku West Africa. Ukraine inachita zosiyana. Italandira ufulu mu 1991 inakana kutchedwa the Ukraine, ati zikumveka ngati chigawo cha dziko la eni. Chonsecho chinenero cha ku Ukraine chilibe n'komwe mawu otere, monganso Chirasha, Chiswahili ndi Chichewa chathuchi. Kukangana ndi anthu amene m'nyumba mwawo sunalowemo, umenewo ndiye ukulu. Facebook inayamba mu 2004 ili Thefacebook, mu 2005 n'kuwachotsa bwana. Iwo sanapite kukhoti. Mu 2022 Ohio State University inawalembetsa kuboma la America ngati chizindikiro chake cha malonda, kuti izigulitsa malaya ndi zipewa zolembedwa THE basi. Kuchotsedwa ntchito uku, uko akukusindikiza pa malaya.

Adani awo amakonda kuloza mitu ya nkhani m'manyuzipepala. Ati taonani, pamenepo a The amachotsedwa pofuna kusunga malo, koma aliyense amamva bwinobwino. N'zoona. Nanga bwana akapita kutchuthi ofesi n'kumayenda bwino, ndiye kuti achotsedwe? Kwezani maso pamwamba pa tsamba lomwelo muone dzina la nyuzipepalayo: The Nation, The Daily Times. Anangochoka pabwalo n'kukakhala pakhonde.

Tsono inu a Fomu 4, mukudziwa kale kuti wolephera Chingerezi satifiketi ya MSCE saiona, ngakhale masamu atakhoza bwanji. Musalimbane nawo akuluakuluwa. Mukamaliza kulemba chimangirizo, bwererani pamwamba, muyende mzere ndi mzere, muone pamene bwana akufuna mpando, muwapatse ndi manja awiri. Koma mukafika pa Lake Malawi musawaitane. Sasamba m'nyanja imeneyo.