Kakompyuta ka ku Joni ndi nkhondo ya nyimbo pakhomo pathu

Wochokera ku Joni timamudziwira katundu: bulangete la nyalugwe, njinga pamwamba pa basi, ndi sabufa yoti anyamule anthu awiri. Mphwanga atatsika pa Nkhotakota boma, sabufa anali nayodi, koma chimene ankachisamala kwambiri chinali m'thumba la malaya. Kanali kabolodi kobiriwira kokwana m'chikhatho, kopanda chivindikiro, kopanda sikirini, kopanda ngakhale batani loyatsira. Anati imeneyi ndi kompyuta, dzina lake Raspberry Pi, ndipo nyimbo zonse za pakhomo pano zizichokera m'menemu.

Mayi anakatembenuza uku ndi uku. "Mwanangu, wailesi yakeyo wataya kuti? Wangobwera ndi matumbo okha?"

Matumbowo ali ndi mbiri yake. Anawakonza a bungwe la Raspberry Pi Foundation la ku Cambridge ku England, n'kuyamba kuwagulitsa mu 2012 pa mtengo wa madola 35, cholinga chili choti ana asukulu aziphunzirirapo za makompyuta. Ka mphwanga ndi ka mtundu wa 3, ka mu 2016, kokhala ndi Wi-Fi ndi Bluetooth. Nzeru zake zonse zimakhala pa memori khadi yonga ya m'foni, ndipo chimene walembapo ndi chimene kamasanduka. Ofuna nyimbo amakonda kusankha pakati pa mapulogalamu atatu: Volumio, moOde ndi piCorePlayer. Mphwanga anati ayesa onse. Oyesedwa tinali ife.

Khadi la achemwali

Pulogalamuyo umaitsitsa pa intaneti n'kuilemba pa khadi. Chimene mphwanga sanawauze achemwali pobwereka khadi lawo n'chakuti kulembako kumayamba kwasesa zonse zimene zilipo. Pakhadipo panali zithunzi za chinkhoswe chawo, mpaka vidiyo ya ankhoswe akusinthana tambala ndi msoti.

Madzulo achemwali anabwera, manja ali m'chiuno. "Iwe, chinkhoswe changa chili kuti?"

"Achemwali, banja lilipobe. Alamu si awo akhala apowo? Muziwaonera pompo."

Alamu anadikira mkazi wawo alowe m'khitchini, kenako anam'nong'oneza mphwanga: "Mwandithandiza alamu. Suti ija inali yobwereka, ndipo mwini wake sanadziwe mpaka lero."

Aliyense ndi rimoti yake

Anayamba ndi Volumio, ya ku Florence ku Italy, yomwe yakhalapo kuyambira mu 2013. Kukongola kokha sitingainamizire. Ikapanda kupeza Wi-Fi ya m'nyumba imatsegula yakeyake, ndipo foni iliyonse imene yalumikizidwa imasanduka rimoti. Umangolemba volumio.local pamene timatsegulira mawebusaiti, nyimbo zonse n'kuonekera m'manja mwako. Tsamba limenelo silifunsa kuti ndiwe yani. Mphwanga, pofuna kuonetsa kuti ku Joni sanangopita kukathirira maluwa a azungu, anagawira pasiwedi aliyense amene anapatsa moni tsiku limenelo.

Tsono pakhomo pathu, monga makomo ambiri kuno kwa Jumbe, tchalitchi ndi mzikiti zimapisa m'mbale imodzi. Mayi ndi a Anglican, ndipo kwa iwo nyimbo ndi kwaya. Alamu ndi Msilamu, amafuna kaswida. Anyamata ndi Black Missionaries basi. Malume amati chimwalirireni Lucius Banda mu 2024 palibenso woimba amene wabadwa. Agogo amafuna Allan Namoko, akalephera apo Giddes Chalamanda, chifukwa ati ndi yekhayo amene angawapatse moni wa anthu a msinkhu umodzi.

Loweruka limenelo palibe nyimbo imene inafika pakati. Kwaya ikangoti itsegule pakamwa, gitala wa ku Chileka walowa. Asanamalize kulira gitalayo, kaswida. Kaswida asanapume, banjo ya Namoko. Chochititsa chidwi n'chakuti pabwalopo panalibe wolankhula. Onse anakhala mwaulemu pansi pa mtengo wa mango, mitu yowerama, zala zili jegwejegwe pa mafoni, aliyense akunamizira kuti akuwerenga uthenga. Mayi wina wodutsa ndi dengu la chinangwa anaima pamsewu n'kufunsa ngati wailesi yathu yagwidwa mizimu.

Panalinso china chodabwitsa. Pakapita mphindi zingapo, voliyumu inkatsika yokha mpaka zii. Mphwanga anasintha mawaya, anapukuta kabolodi, anatukwana amene anam'gulitsa sabufa. Tinadzazindikira mochedwa kuti kuseri kwa mpanda kunali mdzukulu wa aneba athu, foni ili m'manja, agogo ake atam'lonjeza mandasi awiri akawagonetsa tulo ta masana.

Nkhondo anaithetsa ndi mayi. Anazungulira ndi lichero, aliyense n'kuponyamo foni, ndipo lichero analiika pamwamba pa kabati mpaka kondowole atatha. Kwaya inaimba yonse, mavesi ake onse.

Volumio inachoka pakhomo pathu pa nkhani ya ndalama. Kuimba nyimbo zako za pa fulashi n'kwaulere, koma zokometsera zina zimafuna kulipira mwezi ndi mwezi, ndipo si makwacha. Alamu, amene amagulitsa mpunga ndipo amadziwa kuwerengera, anafunsa: "Madola akusowa oitanitsa feteleza ndi mafuta, inu muwapeza kuti oti muzimverera Namoko? Namoko amene uja ankaimba ndi banjo ya chigubu?"

Woimba wamkulu m'Malawi

Inalowa moOde, yaulere yonse, yomwe anaiyambitsa Tim Curtis. Nyimbo mphwanga anakadzazitsa pa fulashi kwa anyamata obena nyimbo kumsika. Apa panabuka vuto limene okonza mapulogalamuwa sanaliganizire. Pulogalamu siyang'ana dzina limene waona pa fayilo. Imawerenga kachizindikiro kobisika m'kati mwa nyimbo, kamene kamanena woimba, chimbale ndi chaka. Anyamata a kumsika alibe nthawi yolemba zimenezo. Zotsatira zake, theka la fulashi linapita kwa munthu mmodzi wotchedwa Unknown Artist, ndipo nyimbo zake zambiri dzina lake linali Track 01.

Mdzukulu wina wa agogo ankawawerengera dzina la woimba nyimbo ikayamba. Pofika Lachitatu agogo anagwedeza mutu.

"Koma ameneyu ndiye woimba. Dzana amaimba kwaya ndi mawu achizimayi, dzulo rege, lero kaswida. Kwawo n'kuti mwana ameneyu? Tidzam'itane pa ukwati wa mdzukulu wangayu, tidzapulumutsa ndalama ya magulu atatu."

Mwayi wake moOde ili ndi poonera nyimbo motsata mafoda, mmene zilili pa fulashi. Mphwanga anangopanga foda ya mayi, ya alamu, ya agogo ndi ya anyamata. Chimene sanathe kuchotsa ndi mawu a mnyamata wobena uja, amene amalowerera pakati pa nyimbo iliyonse kulengeza dzina la shopu yake, ngakhale pakati pa nyimbo ya maliro.

Usipa sudikira

Azakhali, akazi awo a malume, amapikula usipa. Amayenera kukhala ali pagombe kusanache, pamene mabwato a chilimira akukocheza, chifukwa wochedwa amapeza mitengo itakwera kapena nsomba zitatha. Mphwanga anawalonjeza kuti moOde izidzawadzutsa ndi nyimbo 4 koloko m'mawa, popeza ili ndi wotchi yoyatsa nyimbo pa nthawi imene waitchera.

Kabolodi ka mtundu umenewu kalibe batire la wotchi. Nthawi kamafunsa pa intaneti, ndipo pakhomo pathu bandulo inali itatha. Usiku magetsi anathima maola angapo. Atayaka, kanapitiriza kuwerenga pamene kanalekezera, ngati kuti dziko lonse linaima kukadikira. Nyimbo yodzutsa azakhali inalira dzuwa lili pamutu, usipa uli kale pa thandala za anzawo, iwo atakhala pakhonde akusenda chinangwa ndi mkwiyo.

Mphwanga anayamba kufotokoza kuti Raspberry Pi 5, ya mu 2023, ili ndi polumikizira batire la wotchi, ndi batani loyatsira lomwe. Azakhali anam'dula. "Tambala wanga ali nazo zonsezo, ndipo safuna bandulo."

Sewero la malume

Pa moOde, Bluetooth ndi yaulere, ndipo malume anaikonda chifukwa ankangotumiza Lucius wawo kuchokera pa foni. Chimene sanauzidwe n'chakuti foni ikalumikizidwa, chilichonse chimene ikulankhula chimatulukira ku sabufa. Tsiku lina tikudya, anadzuka mwakachetechete kupita kuseri kwa bafa kukamvera uthenga wa mawu wa pa WhatsApp. Nyimbo inaduka. M'malo mwake bwalo lonse linamva mawu a mayi wina wa ku Dwangwa, okoma bwino, akufunsa za ndalama ya saluni ndi tsiku limene abwerenso.

Malume anatulukira akuthamanga, foni ili m'mwamba. "Ndi sewero la pa wailesi limeneli!"

Azakhali anapitiriza kutema nsima. "Sewero lake lotchula dzina lanu, la mudzi wanu, ndi mtundu wa njinga yanu? Khalani pansi timvere gawo lachiwiri."

Phokoso la mvula

Polowetsa mahedifoni pa kabolodika pamatulutsa mawu okhala ndi kaphokoso ka sii. Mphwanga anaitanitsa kabolodi kena kovundikira pamwamba, kotchedwa DAC, ka kampani ya HiFiBerry ya ku Switzerland, kamene ntchito yake ndi kuyeretsa mawu. Marandi anapita. Kwaya inamvekadi bwino. Koma pa Namoko phokoso linali pomwepo, chifukwa nyimbozo anazikopera ku kaseti yakale imene inagona m'denga zaka zambiri. Agogo anati asalichotse, ndi mmene ankazimvera kale.

Tochi ya agogo

Mdani weniweni wa kabolodika kuno kunyanja ndi magetsi. Ka mtundu wa 3 kamafuna mavoti 5 ndi maampu awiri ndi theka, pamene tchaja ya foni ya pamsika imalemba zambiri pachikuto n'kupereka zochepa. Zikatero kagetsi kofiira kamaphethira ndipo woimba amachita chibwibwi. Choopsa kwambiri ndi kuthima kwadzidzidzi. Volumio ndi moOde zimalembalemba pa khadi zikamagwira ntchito, ndipo magetsi akaduka zili pakati polemba, khadi likhoza kusokonekera osadzukanso. La mphwanga linkafa pafupipafupi, ngakhale masiku amene magetsi sanathime n'komwe.

Anakhalira tcheru usiku wina. Cha m'ma 8 koloko anaona agogo akulowa pabalaza, n'kuzula pulagi ya kabolodi, n'kulowetsa ya tochi yawo.

"Agogo, imeneyo ndi kompyuta, imafuna kuizimitsa mwadongosolo!"

"Dongosolo lake ndi limeneli. Ine ndikagwa popita kuchimbudzi adzandidzutsa ndi Namoko?"

Apa ndi pamene piCorePlayer inapambanira. Ndi kapulogalamu kakang'ono, komangidwa pa Tiny Core Linux. Kakayaka kamadzikopera konse m'chikumbumtima cha kabolodi, chimene amati RAM, n'kumagwira ntchito m'menemo, khadi osalivutitsa. Wozula pulagi azule, kakayakanso kamadzuka bwinobwino. Kuvuta kwake n'koti pakokha sikasunga mndandanda wa nyimbo. Kamafuna mnzake wotchedwa Lyrion Music Server, amene kale ankatchedwa Logitech Media Server, ndipo ungamuike pa kabolodi komweko. Kutchera zonsezi kunam'tengera mphwanga usiku wonse ndi bandulo ya usiku, koma chiyambireni agogo amazula madzulo alionse ndipo khadi silinafenso.

Choncho wondifunsa ndimamuyankha mosazungulira. Ngati kwanu magetsi ndi a sola ndi batire losazima, ikani moOde, ndi yaulere ndipo mafoda ake amamvana ndi fulashi ya kumsika. Ngati muli ndi madola ndi intaneti yosatha, Volumio ikusangalatsani. Koma ngati magetsi anu ndi onga athu, kapena muli ndi agogo a tochi, ikani piCorePlayer. Gulani tchaja yeniyeni ndi khadi lanulanu, ndipo pasiwedi muidziwe anthu awiri okha, inu ndi mayi a pakhomopo.