Mmene mungadzipwetekere ndege ikalephereka ku Ulaya

Ndege ikalephereka muli kunja, chikwama chili kumsana, ndalama zambiri zimathera pa zimene mumachita mu ola loyamba mtima uli m'mwamba. Wofuna kuti ulendo wake uwonongeke atsate njira iyi, imene ambiri anaiyenda kale.

Uthenga ukangolowa pa foni, dinani batani lobwezetsa ndalama musanawerenge chilichonse. Lamulo la European Union nambala 261 la chaka cha 2004 limalola aliyense wonyamukira pa bwalo la ndege la m'mayikowo kusankha chimodzi, kubwezeredwa ndalama kapena kupezeredwa ndege ina. Wodikira ndege ina, kampani iyenera kumudyetsa ndi kumupezera pogona mpaka atanyamuka. Wosankha ndalama wamasula kampaniyo pomwepo. Akubwezerani ndalama zochepa zija munagulira tikiti miyezi yapitayo, pamene tikiti ya lero yakwera kangapo, ndipo usikuwo mugona pa benchi ya pabwalo, chikwama mutatsamira, lamba wake mutamukulunga kudzanja kuopa akuba.

Akakuuzani kuti vuto ndi nyengo ndipo kampani sichikuikhudza, vomerani n'kuchokapo. Chipepeso cha mayuro 250 mpaka 600 n'zoona sichiperekedwa pa zinthu zoti kampani sikanatha kuzipewa, koma chakudya ndi pogona zimaperekedwabe. Mu Epulo 2010 phiri la Eyjafjallajökull ku Iceland linaphulika, phulusa lake n'kuimitsa maulendo a ndege pafupifupi 100,000. Wokwera ndege wina, Denise McDonagh, anagwira njakata ku Faro, ku Portugal, kwa sabata yathunthu, akudzilipirira yekha zonse. Atapempha kampani ya ndege ya Ryanair kuti imubwezere mayuro 1,129, nkhani inakafika ku khoti lalikulu la European Union, limene mu Januwale 2013 linagamula kuti ngakhale phiri liphulike, udindo wosamalira okwera sutha. Ndiye inu malisiti a hositelo, a basi ndi a chakudya muziwataya, kuti tsiku lodandaula mudzasowe chosonyeza.

Ngati tikiti yanu ili ndi ndege ziwiri kapena zitatu, kwerani basi mukadikirire yachiwiriyo kutsogolo osauza kampani. Makampani ambiri akaona kuti simunakwere gawo limodzi amafafaniza otsalawo, ndi lobwerera kwanu lomwe. Foni nayo muisiye ithe moto muli pamzere, poti matikiti, adiresi ya hositelo ndi nambala ya inshulansi zonse zili momwemo ndipo simunalembe kanthu papepala. Inshulansi imene munagula popempha viza musaiwerenge. Lamulo limangofuna kuti ikwanire mayuro 30,000 pa matenda ndi ngozi, ndipo za ndege yolephereka zikhoza kusakhalamo n'komwe.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha viza, chifukwa chimagwera ife a pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe kuposa anzathu a m'hositelo. Mnyamata wa ku Australia amene mwagona naye chipinda chimodzi akati tiyeni tidzere ku London kapena ku Belgrade, mutsatireni. Iyeyo amalowa m'mayiko a ku Ulaya a m'gulu la Schengen popanda viza. Inu tsegulani pasipoti muone kapepala kaja anamata a ku embase. Pamzere wonena za kalowedwe, ngati palembedwa 01 m'malo mwa MULT, ndiye kuti mukangotuluka m'mayikowo viza yatha ntchito, ngakhale masiku atatsala. Britain ndi Serbia, kumene kuli mizinda imeneyo, sali mu Schengen, ndipo ku Britain viza imeneyo sigwira ntchito. Ngati ndege yobwerera kwanu ikunyamukira ku Frankfurt, mwadzitsekera khomo nokha.

Masiku a viza akamatha ndege isanapezeke, khalani chete, muziti akamvetsa pabwalo. Ndime 33 ya malamulo a viza ya Schengen imalola kuwonjezera masiku kwaulere kwa munthu amene walephera kuchoka pa zifukwa zoposa mphamvu zake. Koma amayenera kupita yekha viza isanathe, ku ofesi ya boma yotchedwa préfecture ngati ali ku France, kapena Ausländerbehörde ngati ali ku Germany, atanyamula kalata ya kampani yotsimikiza kuti ndege inalephereka. Musapite, ndipo kalatayo musaipemphe. Wapolisi wa pachipata adzawerenga masiku, osati nkhope yanu yotopa. Mukhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kuletsedwa kulowanso, ndipo mukadzapemphanso viza zaka zikubwerazi, nkhaniyo idzakhala ikukudikirani pa kompyuta ya ku embase.