Tsiku Limene Corolla ya Amalume Inakakamira mu Livesi

Pa Dedza palibe munthu wosadziwa kukonza galimoto. Izi ndinazitsimikiza m'mawa wina wa mu Julaye, nyengo imene chisanu chotsika m'phiri chimaluma mpaka m'mafupa, pamene Corolla ya amalume anga inakakamira mu livesi pafupi ndi msika.

Galimotoyi ndi ya m'zaka za m'ma 1990, ndipo amalume amaipukuta kawirikawiri kuposa mmene amatsukira mano awo. Tsikulo tinabwera kudzagula matumba awiri a mbatatesi. Anabwerera m'mbuyo kuti aime bwino, koma pofuna kulowetsa giya wani, ndodo ya giya inangoti lendelende, n'kumazungulira ngati mthiko m'phala la mwana. Akangosiya klatchi, galimoto inkalunjika komwe tachokera. Anayesa katatu. Kachitatuko tinatsala pang'ono kukhalira chiwaya cha tchipisi cha eni ake.

Amalume anachita zimene mwamuna aliyense wovala jekete amachita: anatsika, natsegula boneti, nasuzumira m'kati manja ali m'chiuno. Boneti yotsegula imaitana anthu kuposa belu la tchalitchi.

Oyamba kufika anali abambo ena a chipewa cha ubweya. Anayamba ndi ulemu wonse. "Mwadzuka bwanji, bwana? Kunyumba ali bwanji? Ana? Nanga galimotoyi yatani?" Yankho la funso lomalizali sanalidikire. "Ndi kuziziraku basi. Kuno tili pamwamba, mamita 1,600 si masewera. Oyilo wagwirana ngati mafuta a nkhumba. Muike mbaula pansi pake." Mwana wina anali atauyamba kale ulendo wokatenga mbaulayo.

Wa kabaza anaimika njinga yake, kasitomala akadali pakaliyala. "Bigi, mafuta munathira pati? Ngati ndi a m'zigubu ochokera ku Calomue, musafunsenso." Zoti petulo wa ku Mozambique angalowe bwanji m'giya palibe anafunsa, chifukwa kufunsa munthu amene akukuthandiza ndi mwano.

Amayi amene tinkafuna kuwagula mbatatesi anamangitsa chitenje, nayankhula motsitsa mawu. "Galimoto yongobwerera m'mbuyo? Achimwene, pali amene sakufuna kuti mupite patsogolo. Kumudzi munasiyana nawo bwino?" Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

Kenaka anthu anapatuka, mukulowa amakaniko enieni, ovololo yoyera mbee, m'manja muli foni yokha. Anamenya tayala ndi phazi, nagwedeza mutu ngati munthu wofika pa siwa. "Giyabokosi yonse itsike. Zida zake kuno simungazipeze, mpaka ku Lilongwe. Zikavuta, tiitanitsa ku Joni." Mtengo umene anatchula unawavulitsa amalume jekete m'chisanu chonsecho.

M'mbuyo mwawo munali kamnyamata konyamula thumba la masipanala, m'manja muli bii. Kanawomba m'manja pang'ono. "Pepani bwana, tayesaninso ndodoyo injini ili chizimire."

Anthu anaseka. Ena anati mwana wa masiku ano. Koma kamnyamatako kanagwada pambali pa chitseko n'kumandifotokozera ine, poti akuluakulu sankamvetsera. Kanati giya ikamakana injini ikulira, koma n'kutuluka bwinobwino ukaizimitsa, mlandu umakhala wa klatchi imene sikulekanitsa injini ndi giyabokosi. Pamenepo umayang'ana kabotolo ka fuluwidi pafupi ndi ka mabuleki, n'kupondanso pedulo kuti umve ngati yangogwa pansi. Kathu kanali kodzaza, pedulo yolimba. Ndodo ikauma gwa ngakhale injini ili zii, mwina kulemera kwa galimoto pachitunda kwapanikiza mano a giya, ndipo kuigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo kumamasula. Ikakanabe, ndiye kuti vuto lili m'kati, amakaniko atsitse giyabokosi yawoyo. "Koma yanuyi, achimwene, ndodo sikugwira kanthu. Ili ngati mfumu yolamula mudzi umene anthu anasamuka."

Kanaika mwala kuseri kwa tayala, kanandiuza kuti ndizigwedeza ndodoyo, iko n'kulowetsa mutu m'boneti. Pa Corolla zoterezi ndodo imalumikizana ndi giyabokosi kudzera m'makebulo awiri. Imodzi inkangoyenda m'malere. Kabushi ka kumapeto kwake kanali katadyeka n'kugwa, mwina pa Linthipe, mwina chaka chatha. Mnyamatayo anakankha kachitsulo ka pa giyabokosi ndi dzanja, kanamveka kuti kwa, galimoto n'kulowa nyutulo. Anabwezera kebulo pamalo pake, nakulunga mphira ya chubu cha njinga, namanga ndi waya wochokera m'thumba la buluku. Mphindi khumi sizinakwane.

"Ndimanena chomwechi ine," anatero a chipewa cha ubweya.

"Kabushi kameneko kamadyeka ndi mafuta oipa," anatero wa kabaza, kasitomala wake akuvomereza.

Amayi aja anati waya ndi waya, koma kumudzi tipiteko ndithu.

Pamenepo mzere wa "ya fanta" unayamba. Panali anyamata anayi amene anaika manja pa buti kukonzekera kukankha, ndipo anati kukonzekera ndi ntchitonso. Panali mwini mwala. Panali mwana wa mbaula uja, amene anafika nayo ili ndi moto ndipo makala anali a mayi ake. Amakaniko a ovololo yoyera analandira ndalama yaikulu ndi manja awiri, nati, "Mwanayu ndinamuphunzitsa ndekha." Mnyamatayo amalume anamugulira tchipisi cha pa chiwaya chomwe chija, nyama osaikapo.

Akutafuna, anandinong'oneza kuti kabushiko tikagule sabata yomweyo, ndipo tisayerekeze kutsika msewu wokhotakhota wa ku Golomoti ndi waya ameneyo.

Wayayo alipobe. Amalume akuti kabushi ka masiku ano n'kosalimba. Kungoti akafika pa tchalitchi, paukwati kapena pamaliro, amazungulira kawiri kufunafuna malo oti pochoka asadzafune livesi, ndipo akawapeza amatsika pang'onopang'ono, n'kuuza amene ali pafupi kuti galimoto za makedzana zimafuna munthu wozidziwa.