Chitamando cha Nyongolotsi, Katswiri Wopanda Mphuno wa ku Kafue

Tauni ya Kafue, imene ili makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, imanyadira fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1970 kuti izipatula nayitrojeni mumpweya n'kupangira feteleza, ntchito yomwe inafuna malasha, magetsi ndi akatswiri ambiri. Komatu katswiri wamkulu wa za mpweya m'tauniyi ndi nyongolotsi, imene imapatula okosijeni pansi pa madimba a m'mbali mwa mtsinje popanda kupemphapo thandizo la ndalama ku boma.

Mkuluyu alibe mphuno, alibe mapapo, ndipo sanamvekepo akutsokomola. Amapuma ndi khungu, limene ndi lopyapyala ndipo limakhala lonyowa ndi madzi onanda otuluka m'thupi mwake momwemo. Okosijeni, mpweya umene maselo a thupi amagwiritsa ntchito potulutsa mphamvu m'chakudya, amayamba wasungunuka m'chinyezicho, kenaka amadutsa khungu ndi kulowa m'timitsempha ta magazi timene tayalana pansi pake, pamene mpweya woipa wa kaboni dayokisaidi umatulukira njira yomweyo. Magazi ake ndi ofiira chifukwa ali ndi himogulobini, puloteni yonyamula okosijeni, koma pamene munthu amaitsekera m'maselo ofiira, nyongolotsi imaisiya itasungunuka m'madzi a magazi, zimene zikusonyeza mtima wosakonda kumanga mipanda. N'zosadabwitsa kuti Charles Darwin, atatha kufotokoza chiyambi cha mitundu ya zamoyo, anapereka buku lake lomaliza la 1881 kwa cholengedwa chimenechi.

Onyoza amati khungu likangouma, kupuma kumatha, ndipo n'zoona. Koma ayenera kuona nzeru imene imatsatirapo, pakuti dzuwa la Okutobala likaphwetsa madambo a Kafue, nyongolotsi imatsikira pansi penipeni, imadzipinda m'kachipinda kopaka madzi ake onanda, n'kudikira mvula osadandaulira aliyense. Mvula ikafika n'kudzaza mauna ake ndi madzi osowa okosijeni, imatulukira poyera kumene nkhuku zimailandira ndi ulemu wonse. Feteleza wochuluka nayenso sagwirizana nayo, popeza mchere wake umayamwa chinyezi cha khungu, ndipo wa amoniya amawawasitsa nthaka pakapita zaka, koma nyongolotsi imapitirizabe kuboola tinjira tolowetsa mpweya ku mizu ya chimanga chomwecho chimene chinathiridwa fetelezayo.

Asodzi a mbedza pa mtsinje wa Kafue ndiwo amayamikira luso limeneli moona mtima, chifukwa nyambo yopuma ndi khungu siimira msanga m'madzi oyenda okhala ndi okosijeni wokwanira, ndipo imapitiriza kudzipotokola pa mbedza mpaka mlamba utaiona.