Mapanga Awiri, Thanga Limodzi

Ine ndine mwana wa ku Dedza, ndipo pa nkhani ya mapanga palibe angandiphunzitse. Tinakulira m'munsi mwa phiri la Chongoni, kumene kuli mapanga a zojambula za makolo amene a UNESCO anawalemba m'kaundula wawo mu 2006, ife titatopa kale kuusamo mvula pamodzi ndi mbuzi zathu. Choncho agogo akamati "mapanga awiri avumbwitsa" sitinkafunsa tanthauzo. Tinali titamuonapo mnzathu ataima pamtetete mvula ikukhuthuka, maso ali kuphanga la kumtunda, miyendo ikufuna la kumunsi, mpaka kabudula kuchita kumata m'thupi.

Madzi amene ndinkawadziwa ndi a pachitsime, a mundowa ndi ogwa kumwamba. Kwathu munthu amasamba. Zosambira tinawasiyira a kunyanja, ndipo sitinapiteko kukafunsa ngati akuzisunga bwino.

Ndiye chaka china alamu anga anatulukira kuchokera ku Joni, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anati pa 15, Tsiku la Anakubala, mayi awo akaone nyanja. Mayi awowo ndiwo apongozi anga. Tinapakirana m'galimoto, ine, mayi a kunyumba, ana awiri, alamu ndi apongozi, n'kutsetsereka Khwekhwerere makutu akutsekeka, kudutsa Golomoti, kukhota tisanalowe Monkey Bay, mpaka m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear. Titangotsitsa zikwama alamu anati, "Alamu, masana ano tikwera katamarani."

Ndinayesa ndi dzina la mankhwala atsopano a malungo.

Titafika pagombe ndinaiona ili phee pamadzi. Anali maboti awiri aatali, opyapyala, ogona moyandikana ngati mapasa, atawalumikiza ndi mitanda n'kuyalapo nsanja pamwamba. Pakati panali mlongoti umodzi wonyamula thanga. Kutsogolo, pampata wa maboti awiriwo, anakungapo ukonde wolimba woti anthu azigonapo, madzi akuoneka pansi pawo. Asodzi a pa Chembe amaponya chilimira kuti agwire usipa ndi utaka. Eni chombo ichi ukonde wawo anautchera kumwamba, ndipo nsomba zake zimalowamo zokha zitalipira.

Ndinawakoka dzanja mayi a kunyumba. "Mwaona? Awa ndi mapanga awiri."

"Inu abambo, musayambe," anatero. "Alamu anu alipira kale."

Analipiradi, ndipo ndalama yake ndinaiwerengera m'matumba a feteleza monga amachitira munthu aliyense woleredwa bwino wa ku Dedza. Sindinena kuti inakwana angati, kuopa kuti nkhaniyi ingawapeze akumudzi.

Mnyamata woyendetsa chombocho anaona kuti ndikukwera ngati ndikuponda mazira. Anati, "Madala, musaope. Bwato la mtengo umodzi limagudubuka chifukwa ndi lowonda ngati nkhaka. Ichi chinatangadza miyendo. Mphepo ikakankha thanga, boti la mbali inayo limakana." Anaonjeza kuti popeza kulemera kwake kwagawidwa pawiri, chombocho sichizama kwambiri, ndiye chimatha kufika pafupi ndi miyala osakhula pansi. Alamu, amene chiyambire kupita ku Joni sanasiyepo nkhani ikudutsa osaithira ndemanga, anati dzinalo linachokera ku chinenero cha Chitamil cha kummwera kwa India, ndipo limatanthauza mitengo yomangidwa pamodzi. Ndinakafufuza pambuyo pake ndi mtima wofuna kuwagwira bodza. Ankanena zoona, zomwe zinandiwawa kwambiri.

Koma ubwino weniweni wa katamarani, umene amene anaipanga sanaudziwe n'komwe, ndinautulukira ine. Taganizani za mkamwini wa Chichewa m'bwato limodzi ndi apongozi ake aakazi. Munthu amene ukakumana naye panjira umapatukira kutchire. Munthu amene sudya naye mbale imodzi, amene mawu ako amamufika atadzera mwa mwana. Mumuike bondo ndi bondo ndi iwe m'bwato la asodzi, ukayang'ana kuti? Kumwamba khosi lidzatopa, pansi pali mapazi awo. Pakatamarani vuto limeneli kulibe. Apongozi anakhala boti la kumanja, atafunda chitenje chawo cha Mvano, ine ndinakhala la kumanzere, pakati pathu mlongoti ndi bokosi la zakumwa. Tinali paulendo umodzi koma aliyense m'bwato lakelake. Ndikanakhala nduna ya zachikhalidwe ndikanalamula kuti maminibasi onse a Dedza–Lilongwe azimangidwa chomwechi.

Panatsala nkhani ya zovala. Azungu amene tinakwera nawo anavula chombo chisananyamuke n'komwe, n'kutsala ndi tinsalu tosakwana kusefera thobwa. Alamu anavula shati, poti iwo ndi mwana wa m'nyumba. Ine ndinakhala ndi buluku langa, shati ya manja aatali, ndipo pamwamba pake jekete yoyandamitsa ija ya mtundu wa lalanje, nditaimanga mpaka m'khosi ngati mbuzi yopita kumsika wa Lizulu.

Anakweza thanga, kamphepo n'kuligwira, gombe n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Mwezi umenewu mwera umakhala utapuma, ndiye nyanja inali yofatsa ngati mkazi wa abusa. Tinaloza ku Thumbi, chilumba cha miyala ndi mitengo chimene chayang'anizana ndi mudziwo, chilumba chinzake cha Domwe chili chakumanja kwathu ngati ng'ombe yogona. Tili pakati mphepo inati zii, thanga n'kulendewera ngati thumba lopanda ufa. Mnyamata uja sanadandaule. Anangoliza injini, ulendo n'kupitirira.

Apa m'pamene ndinayamba kuukayikira mwambi wa agogo. Chombo cha maboti awiri, choyendera mphepo ndi petulo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene wavumbwa. Ndinayang'ana moyo wathu wa lero ndipo ndinaona kuti tonse tikukhala m'mapanga awiriawiri. Foni yanga ili ndi masimu awiri, kuti uyu akakhala chete winayo alankhule. Mphunzitsi m'mawa ali ndi choko, madzulo ali pa kabaza wa njinga yamoto. Mayi wa muofesi pansi pa desiki pali chikwama cha kaunjika. Mkhristu Lamulungu m'mawa ali kumpingo wa makolo ake, masana ali kwa mneneri wa m'kalasi ya pulayimale, ndipo za usiku tisafunse. Aphungu athu ndiye akatswiri: Gawo 65 la malamulo a dziko lino linalembedwa kuti munthu asaime mwendo uno chipani ichi, mwendo uwo chipani icho, koma taonani mmene ena awolokera mitsinje ya zisankho nsapato zili gwa, zouma. Ndinati m'mtima, agogo anali anzeru, koma nzeru zawo zinali za nthawi ya phanga limodzi, munda umodzi ndi wailesi imodzi.

Ndinawauza alamu maganizo amenewa mokweza ndithu, kuti mphepo iwafikitse kuboti la kumanja. Alamu anavomereza, poti iwonso ali ndi nyumba ku Joni ndi ina kuno. Koma mnyamata woyendetsa uja anaseka n'kuloza madzi a kutsogolo kwa mudzi. Anati agogo ake ankasimba za ndege zimene zinkatera pamenepo. N'zoonadi: mu 1949 ndege za BOAC zotera pamadzi, zochokera ku England kupita ku Joni, zinayamba kuima pa Cape Maclear, ndipo pofika kumapeto kwa 1950 zinali zitaleka. Chinthu chofuna kukhala mbalame ndiponso bwato. Ndinamuyankha kuti chitsanzo chimodzi si umboni. Amishoni a ku Scotland anamanga Livingstonia yoyamba pomwepo mu 1875 ali ndi phanga limodzi lokha, koma malungo anawasamutsa ndithu kupita ku Bandawe mu 1881, n'kusiya manda m'munsi mwa phiri. Ndinaona kuti mtsutso ndapambana, ndipo ndinatsegula Fanta.

Tinaponya nangula kuseri kwa Thumbi. Madzi ake ndi oyera mbee, moti mwala uli pansi umaoneka ngati ungautole, chonsecho ndi pakuya kuposa denga la tchalitchi. M'miyalamo munali piringupiringu wa tinsomba ta buluu, tachikasu, ta mizeremizere ngati mbidzi. Ndi mbuna zimenezo, zimene zinachititsa kuti dera lino likhale paki mu 1980 ndi kulowa m'kaundula wa UNESCO uja mu 1984, zaka 22 mapanga akwathu asanalowemo, chinthu chimene sindinachikonde. Zimadya ndere za pamiyala, ndipo yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atakhwima. Mwana wathu wamkazi atamva zimenezi anathamangira kukawauza agogo ake. Yankho linabwera kudzera mwa mwana yemweyo: akuti nsombayo ndi yanzeru, chifukwa mayi amene kukamwa kwake kuli ana alibe mpata wa miseche.

Kenaka anyamata a m'chombomo anatulutsa zoseweretsa. Magalasi ovala kumaso okhala ndi kapaipi kopumira. Timabwato tapulasitiki totchedwa kayaki. Thabwa lalitali loimirirapo uku ukupalasa ndi nkhafi imodzi, ngati ukutakasa phala la pamaliro. Azungu anangoti chubwi, chubwi. Alamu chubwi. Ana anga, magazi anga enieni a ku Dedza, anavala majekete n'kutsikira pamakwerero ngati anabadwira ku Nkhotakota. Ngakhale mayi a kunyumba anakhala pa sitepe yomaliza miyendo ili m'madzi, akuseka ngati mtsikana.

Ndinatsala ine ndi apongozi, aliyense m'boti lake, tikuyang'ana mbali zosiyana mwaulemu.

Mnyamata wina anaimba likhweru kuloza kumitengo ya pachilumba, n'kuponya kansomba kamene anakalowetsa bango kuti kayandame. Nkhwazi inachoka pa nthambi, mutu woyera, mapiko tambasu, inatsika mopendekeka n'kukatola ndi zikhadabo osanyowetsa ngakhale nthenga imodzi ya pachifuwa. Mbalame ija timaiona pachizindikiro cha boma, lero ili pa ganyu. Onse anakuwa. Anati aponyanso kachiwiri, amene akufuna chithunzi akonzeke.

Apa ndiye mtima wanga unagawikana. Ndinkafuna chithunzi cha nkhwazi chojambulidwa pafupi, cha pa WhatsApp, choti anzanga a kuntchito adziwe kuti sindine munthu wamba. Malo abwino ojambulira anali pakayaki imene inali itayandama kumbuyo kwa chombo, yopanda munthu. Koma sindinkafuna kuchoka pakatamarani. Ndiye nzeru za mtsutso uja zinandibwerera: bwanji osakhala ponse pawiri? Ndinatsika masitepe, foni ya masimu awiri ili m'dzanja lamanja. Mwendo wamanzere ndinausiya pachombo. Wamanja ndinauika pakayaki.

Kwa kamphindi ndinali katamarani.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti maboti awiri aja anawagwirizanitsa ndi mitanda yolimba ndi mabawuti onenepa ngati chala chachikulu. Maboti angawa chowagwirizanitsa chinali buluku. Kayaki inayamba kuchoka pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mlendo amene sakufuna kudzutsa eni nyumba. Miyendo inatsatira, uwu kwawo uwu kwawo. Ndinamva likhweru, ndinamva mapiko, kenaka ndinamva phwee kuchokera kumene telala wa pa Dedza boma anandilonjeza kuti ulusi wake suduka.

Za pansi pa madzi ndingachitire umboni pang'ono. Ndinatsegula maso ndipo mbuna imodzi ya buluu inali pamphuno panga, ikundiyang'ana monga mmene mlembi wa ku banki amayang'anira munthu amene waiwala chiphaso. Ndinakumbuka kuti nyanja imeneyi kumpoto kwake imazama mamita 700, ndipo sindinaone chifukwa choti kuno ikhale yachifundo. Ndinayamba Atate Wathu. Ndisanafike pa chakudya chathu chalero jekete ija inanditulutsa ngati chitsekerero cha botolo, ndipo ndinapeza kuti dziko lonse likuseka: azungu, alamu, ana anga, anyamata a chombo, ndi asodzi awiri amene ankadutsa pa bwato lawo la mtengo umodzi, lija logudubuka ngati nkhaka, ali chiimire, ouma.

Foni ndinali nditaigwirabe. Masimu onse awiri anamwa mofanana.

Anandikokera pamasitepe madzi akutuluka m'matumba. Vuto linali lakuti makwerero amene anandikwezerapo anali a boti la kumanja. Ndinapezeka ndaima pamaso pa apongozi anga, mtunda wosakwana mkono, kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo, buluku litasanduka mbendera ziwiri. Ndinayang'ana kumwamba. Iwo anayang'ana ku Domwe. Kenaka, osatembenuza mutu, anamasula chitenje cha Mvano chija paphewa n'kuchitambasulira kumbali, monga mmene munthu amapatsira moni wa pamaliro.

Ulendo wobwerera mphepo inadzuka, injini anaizimitsa, ndipo kunkangomveka madzi akunong'ona pansi pa ukonde. Dzuwa linkalowa mofiira psuu kumapiri a kutsidya, kumene kwinakwake kuseri kwake kuli Dedza ndi mapanga ake osasuntha. Ngalawa za usipa zinali zitayamba kutuluka ndi nyali zawo. Ndinakhala kuboti langa la kumanzere nditamanga chitenje m'chiuno, vesi la m'Baibulo lili kumbuyo, foni ili m'thumba la mpunga limene wophika wa m'chombomo anandibwereka. Alamu anayesa kutsegula pakamwa kuti anene kanthu za mapanga, mlongo wawo n'kuwaponda phazi.

Tili pafupi kukocheza, mwana wathu wamkazi anadutsa pansanja paja kuchokera kuboti la kumanja, nkhope ili ndwii ngati kazembe.

"Adadi, agogo akuti chaka chamawa tidzabwerenso. Koma akuti inuyo mudzatenge chitenje chanuchanu."